Phunziro la Umoyo: Alonda Amene Tinabadwa Nawo

Amayi, tikamayendera odwala kuno ku Kamushanga timamva mawu awa: "Ndanenepa, thupi langa ndi lolimba, mankhwala ndiwasiya." Tisanayankhe, tiyeni tidziwe zimene thupi limachita ndi kachilombo ka HIV, ndi pamene mphamvu zake zimathera.

Kachilomboka sikangaswane pakokha. Kamalowa m'maselo a magazi otchedwa CD4, asilikali a thupi aja, n'kugwiritsa ntchito zipangizo za selo popanga tizilombo tina, ngati mlendo wolowa m'khitchini mwanu n'kuyamba kuphikira m'mapoto anu. Koma seloyo siingoonerera ayi. M'kati mwake muli alonda.

Mmodzi anadziwika mu 2002, dzina lake APOBEC3G (musavutike kuliloweza). Mlondayu amabisala m'tizilombo tatsopano pamene tikutuluka. Tikakalowa m'selo ina n'kuyamba kukopera malangizo ake oswanirana, iye amasintha zilembo zambirimbiri. Ganizirani telala amene wina wamusokonezera miyeso m'buku. Makina adzalira tsiku lonse, koma diresi lake palibe angalivale. Tizilombo totere timakhala topunduka. Wina, wotchedwa tetherin, anadziwika mu 2008. Iyeyu amamangirira tizilombo tatsopano pakhungu la selo ngati mbuzi pachikhomo, kuti tisapite kwina.

Nanga anthu amadwaliranji? Chifukwa HIV imabwera ndi zida zake. Chida chotchedwa Vif chimachititsa selo kuwononga yokha mlonda woyamba uja, ndipo Vpu imachotsa tetherin pamalo pake. Mu 2004 akatswiri anapeza mlonda TRIM5alpha amene amaswa chigoba cha HIV mwa anyani a ku Asia otchedwa rhesus, koma wathu anthufe ndi wofooka pa kachilomboka.

N'zoona kuti alipo anthu amene thupi lawo limapondereza HIV zaka zambiri popanda mankhwala, koma safika ngakhale mmodzi pa anthu 100 amene ali nako. Ndipo zimenezi sizioneka ndi maso. Kunenepa si umboni.

Ma ARV, amene akhala aulere m'zipatala za boma m'Zambia kuyambira 2005, amatseka mipata imene alondawa alephera. M'piritsi la TLD, limene ambiri amamwa kamodzi patsiku, muli mankhwala awiri oletsa kachilombo kukopera malangizo ake, ndi dolutegravir amene amakaletsa kusokerera malangizowo m'malangizo a selo. Koma tina tinasokereredwa kale, tili gone m'maselo opuma momwe mankhwala satichotsa. Munthu akasiya kumwa, kawirikawiri timadzuka pakangopita milungu yochepa, iye akudzimva bwinobwino.

Choncho mayi akakuuzani kuti wachira, kaya chifukwa wanenepa kaya chifukwa anamupempherera, musamukalipire. Mufunseni mwaulemu, muli awiri, kuti magazi ake anapimidwa liti kuona kuchuluka kwa tizilombo, chimene a kuchipatala amati viral load. Ngati papita chaka, panganani tsiku, mumuperekeze ku kiliniki kumene amatengera mankhwala.