Bwana akakuitanirani kuseri

Sabata zoyambirira pa koleji zimakoma ngakhale m'thumba muli mbee. Mayaro, ophunzira a chaka choyamba, akangotuluka m'kalasi, uyu wawagwira dzanja kuti abwere ku gulu la mapemphero la SCOM, uyo akuwaitanira kukwaya, wina akusaka osewera mpira, wina akufuna a zisudzo. Zili choncho pa MUBAS ku Chichiri, pa Soche Technical College, ngakhalenso m'timakoleji ta anthu wamba tomwe tabwereka zipinda m'nyumba zosanja za mu Limbe ndi mu Blantyre. Kulowa nawo m'magulu amenewa n'kwabwino. Wophunzira wongodziwa njira ya kukalasi ndi ya kuchipinda kwake amatuluka ndi pepala lokha, pamene anzake akutuluka akudziwa kuyendetsa msonkhano, kusunga ndalama za gulu ndi kuyankhula pamaso pa anthu mawondo osagundana.

Koma pakati pa oitanawo pali ena amene sakhoma chikalata pakhoma. Iwowa amayamba akuonererani patali. Akaona kuti inu mukaima kuyankhula anzanu amatchera khutu, tsiku lina foni imalira, kapena mnzanu amakunong'onezani kuti pali bwana wina akufuna kukuonani, koma mubwere nokha kapena ndi anthu awiri odalirika.

Amadziwa bwino amene akumuitana. Ophunzira ambiri mu Blantyre sapeza malo ogona pasukulu, amachita lendi ku Chitawira, Zingwangwa, Naperi kapena Ndirande. Ngongole ya boma imachedwa, ena saipeza n'komwe, ndipo mwezi ukafika pakati ndiwo zimakhala bonya ndi soya basi. Munthu wotere ukamupatsa envelopu n'kumuuza kuti "iyi ndi ya thiransipoti chabe, zazikulu zikubwera," wamugwira pamtima. Amene sanagonepo ndi njala pasukulu asafulumire kuweruza.

Komwe zoterezi zingathere tikuona pa nkhani ya Robert Chasowa. Iye anali mnyamata wa zaka 25, wa chaka chachinayi m'maphunziro a uinjiniya pa Polytechnic, sukulu yomwe mu 2021 inasanduka MUBAS. Anali mmodzi wa atsogoleri a gulu la achinyamata lotchedwa Youth for Freedom and Democracy. Kuti timvetse zomwe zinamuonekera, tikumbukire mmene chaka cha 2011 chinalili. Mafuta agalimoto ankasowa, anthu n'kumagona pamizere. Ndalama zakunja kunalibe. Mu Febuluwale, mkulu wa apolisi Peter Mukhito anaitanitsa mphunzitsi wa ku Chancellor College, Blessings Chinsinga, kukamufunsa chifukwa chomwe ananenera m'kalasi kuti mavuto onga kusowa kwa mafuta ndi amene anautsa anthu ku Tunisia ndi ku Egypt. Funso lomwe linavutitsa aphunzitsi linali lakuti mawu a m'kalasi anakafika bwanji kupolisi. Ndiye kuti pakati pa ophunzira panali makutu a anthu ena. Aphunzitsi anasiya kuphunzitsa, anayi mwa iwo anachotsedwa ntchito, ndipo mkanganowo unaimitsanso maphunziro pa Polytechnic kwa kanthawi.

Pa 19 Julayi, anyamata a chipani cholamula anazungulira mu mzinda wa Blantyre pa magalimoto a chipani atanyamula zikwanje. M'mawa mwake kunachitika zionetsero za dziko lonse, ndipo anthu 20 anaphedwa, ambiri mwa iwo ku Mzuzu. Mabungwe omwe si aboma analengeza kuti pa 17 Ogasiti anthu adzatulukanso. Boma linali ndi mantha, ndipo boma la mantha limasaka achinyamata.

Komiti yofufuza za imfa ya Chasowa inadzapeza kuti m'masiku amenewa iye ndi anzake ochepa analumikizana ndi akuluakulu a polisi, pomvana kuti athandize kuti zionetsero za pa 17 Ogasiti zisachitike. Analandira ndalama ndi thandizo lina loyendetsera ntchitoyo. Zionetserozo zinaimitsidwadi, pamene bungwe la United Nations linalowererapo kuti boma ndi mabungwe akambirane. Zitatero anyamata aja anasanduka opanda ntchito kwa owatuma, ndipo ndalama zambiri zomwe iwo ankati analonjezedwa sizinabwere. Ubale unasanduka udani. Kachikalata ka gulu lawo kotchedwa Weekly Political Update kankayenda mumzinda kakudzudzula pulezidenti Bingu wa Mutharika ndi boma lake mosapsatira mawu. Apolisi anamanga mtsogoleri mnzake, n'kuyamba kusaka Chasowa.

Taganizirani pomwe mnyamatayu anaima m'masiku otsirizawo. Kwa aboma anali munthu woopsa, wodziwa zakuseri komanso wapakamwa. Kwa omenyera ufulu, nkhani ya mgwirizano uja ikanamveka, akanaoneka ngati wogulidwa. Kwa ophunzira anzake ambiri, omwe sankadziwa zomwe zinakambidwa m'maofesi ndi m'magalimoto, anali mnzawo wokonda ndale basi. Anthu odziwa nkhani yonse anali ochepa, ndipo ena mwa ochepawo ndi omwe ankamusaka.

Loweruka m'mawa, pa 24 Sepitembala 2011, mtembo wake unapezeka mkati mwa sukuluyo. Apolisi sanachedwe kulengeza kuti wadzipha podziponya kuchokera pamwamba pa nyumba, ndipo anatulutsa makalata omwe ankati anasiya. Dokotala wopima mitembo, Charles Dzamalala, anapeza zina: mabala a m'mutu anali a munthu womenyedwa ndi chinthu, ndipo thupilo linalibe zizindikiro zomwe munthu wogwa kuchokera pamwamba amakhala nazo. Panafunika kulimba mtima kuti dokotala anene zimenezi chaka chimenecho, ndipo dzina lake liyenera kutchulidwa paliponse pomwe nkhaniyi ikukambidwa.

Chikhala kuti Bingu sanamwalire mu Epulo 2012, mwina nkhani ikanathera pa mawu a apolisi aja. Joyce Banda atalowa m'boma anakhazikitsa komiti yofufuza motsogozedwa ndi woweruza milandu Andrew Nyirenda, ndipo mu Okutobala 2012 komitiyo inapereka lipoti lake: Robert Chasowa anachita kuphedwa, ndipo nkhani ya kudzipha inali yophimbira.

Pasakhale wina wowerenga izi n'kunena kuti anaziyamba dala. Mlandu wa imfayi uli pa amene anamupha, amene anawatuma ndi amene anayesa kubisa. Ndiponso si kuti wophunzira azikhala phee dziko likamavunda. Mu Malichi 1992, maepiskopi a Katolika atatulutsa kalata yawo yodzudzula ulamuliro wa Kamuzu Banda, ophunzira a ku Chancellor ndi a pa Polytechnic anali m'gulu la oyamba kutuluka poyera kuwaikira kumbuyo, nthawi yomwe akuluakulu ambiri ankayankhulira m'mabulangete. Ufulu womwe tikudyerera lero uli ndi thukuta la ophunzira. Kutuluka poyera nakonso kuli ndi mtengo wake, pakuti mu Disembala 2001 apolisi anawombera Fanikiso Phiri, wophunzira wa ku Chancellor, pa zionetsero ku Zomba, ndipo anamwalira.

Komabe yerekezani nkhani ziwiri za chaka chomwecho cha 2011, ya Chasowa ndi ya aphunzitsi aja. Aphunzitsi a ku Chancellor, motsogozedwa ndi Jessie Kabwila, analimbana ndi boma lomwelo kwa miyezi yoposa isanu ndi itatu. Anaopsezedwa, anayi aja anachotsedwa, koma zonse ankachita masana, mogwirizana, kudzera m'bungwe lawo, ndi maloya, makhoti ndi atolankhani akuona. Wina akanasowa usiku, dziko lonse likanadziwa koyambira kufunsa. Chaka chisanathe anayi aja anabwezeretsedwa pantchito. Akuluakulu anati kali kokha n'kanyama, ndipo ntchito yoyamba ya envelopu ya kuseri ndiyo kukupatulani pagulu. Mukangolandira, muli ndi chinsinsi chomwe simungauze bungwe la ophunzira, simungauze mphunzitsi, ngakhale mayi anu kumudzi simungawauze. Tsiku lomwe zinthu zatembenuka, mulibe pepala losonyeza zomwe munagwirizana, mulibe mboni, ndipo bwana uja akhoza kunena kuti sanakuonenipo.

Masiku ano zinthu sizifika pa imfa kawirikawiri, n'chifukwa chake ambiri saziopa. Zipani zikuluzikulu zili ndi nthambi m'masukulu a ukachenjede, ndipo chisankho cha bungwe la ophunzira nthawi zina chimanunkha ndalama zomwe wophunzira wodya bonya sangakhale nazo: matisheti, zikwangwani zosindikiza bwino, mowa wa ochemerera. Wina amalipiridwa mayunitsi kuti azitukwana anthu pa Facebook ndi dzina labodza. Wina amatumidwa kukauza anzake kuti sitalaka yalephereka, kapena kuti ichitike lero osati mawa chifukwa bwana akufuna utsi wokhetsa misozi uoneke pa Ginnery Corner. Wina ntchito yake n'kungotumiza mayina a omwe ayankhula pamsonkhano. Amene akuphunzira ntchito zamanja asaganize kuti izi n'za a madigiri okha. Kuyambira 2015 boma lakhala likutsegula makoleji aluso m'madera, ndipo kulikonse komwe kwasonkhana achinyamata ambiri osowa ndalama ya zipangizo ndi malo oyeserera ntchito, andale amafikako msanga kuposa olemba ntchito.

Muyeso wake ndi wosavuta. Chimene akukupemphanicho, mungachinene mokweza mu holo anzanu onse ali pompo? Ndalama mwalandirazo, mungazilembe m'buku la msungichuma? Ngati mukufuna kulowa chipani, lowani masana, valani nsalu yake anthu akuona, ndi ufulu wanu. Bwana akaitana atsogoleri a ophunzira, pitani ngati komiti, mlembi atenge kope, ndipo pobwera mufotokozere omwe anakusankhani. Akakana kukumana nanu motero, wakuuzani kale chomwe amafuna. Ndipo ngati munalowa kale m'zoterezi ndipo mafoni achilendo ayamba kulira usiku, musadikire kuti mukonze nokha. Uzani loya, mkulu woona za ophunzira, mbusa kapena shehe, ndi abale anu, tsiku lomwelo, manyazi muwaike pambali, ndipo musagone pamalo pomwe aliyense akudziwa kuti mumagona.

Lipoti la Nyirenda litatuluka, apolisi anamanga anthu angapo, kuphatikizapo apolisi anzawo ndi anthu a chipani chomwe chinkalamula mu 2011. Anatuluka pa belo. Mu 2014 chipani chija chinabwerera m'boma, mu 2020 chinatulukamo, ndipo pofika Sepitembala 2021, patatha zaka khumi chiphedwereni Chasowa, panalibe ndi mmodzi yemwe amene khoti linamupeza wolakwa pa imfayo.