PHUNZIRO 7: LOYA NDI MUNTHU AMENE AKUMUYIMIRA

Ambiri a ife tikalowa mu ofesi ya loya timavula chipewa ndi kungovomera zonse ngati tafika kwa mfumu. Ulemu ndi wabwino, koma tisaiwale kuti loyayo ndife tamulemba ntchito, ndipo pali zinthu zimene iye ayenera kutichitira mwa lamulo.

Ufulu wokhala ndi loya sunabwere wokha. M'makhothi a mafumu a nthawi ya chipani chimodzi maloya sankaloledwa kuyimira munthu. Mu 1983 a Orton Chirwa, amene anali loya iwo eni, ndi akazi awo a Vera Chirwa anawagamula kuti aphedwe m'khothi lotere popanda wowayimira. Chilangocho chinasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse, ndipo a Orton anafera kundende ya Zomba mu 1992. N'chifukwa chake Malamulo Oyendetsera Dziko a 1994, m'gawo 42, amapatsa munthu womangidwa ufulu woonana ndi loya amene wamusankha yekha. Wosauka angathe kupempha thandizo ku Legal Aid Bureau.

Malamulo athu ambiri tinatengera ku England. Kumeneko wokonza mapepala ndi kulangiza munthu amamutcha solicitor, ndipo kawirikawiri wokalankhula m'makhothi akuluakulu ndi barrister. Kuno loya mmodzi amagwira ntchito zonse ziwiri, motero udindo wonse uli pa iye.

Udindo woyamba ndi kusunga chinsinsi. Zimene tauza loya pofuna malangizo sayenera kuuza mkazi wake, apolisi kapena mbali inayo popanda ife kulola, ngakhale mlandu utatha. Tsono timuuze zonse, ndi zotichititsa manyazi zomwe. Wobisira sing'anga nthenda amalandira mankhwala olakwika. Komanso loya sangayimire mbali ziwiri zotsutsana pa mlandu umodzi. Ife a kumudzi izi timazidziwa kale: munthu mmodzi sakhala nkhoswe ya kuchimuna ndi kuchikazi komwe.

Pa ndalama ndi pamene anthu amalira kwambiri. Tiyerekeze kuti mayi wagundidwa ndi minibasi, ndipo kampani ya inshuwaransi yapereka chipukuta misozi kudzera kwa loya wake. Ndalamazo si za loya ayi. Iye ayenera kuzisunga mu akaunti ya ndalama za anthu amene akuwayimira, yosiyana ndi yake, ndi kumuuza mayiyo kuti zafika zingati, iye wachotsapo zingati ndiponso chifukwa chake. Loya wouza munthu kuti "mubwere sabata yamawa" miyezi ndi miyezi ndalama zitafika kale, ameneyo akudya za wovulala. Choncho tifunse malipiro ake tsiku loyamba lomwelo, zilembedwe papepala, ndipo tisatuluke popanda lisiti pa kwacha iliyonse imene tapereka. Kufunsa zotere si mwano.

Loya ayeneranso kutiuza m'mene mlandu ukuyendera, m'chilankhulo chimene tikumva, ndi kutiuza zoona ngakhale zowawa, monga kuti mlandu wathu ndi wofooka. Iye amalangiza, koma kuvomera kapena kukana mlandu, kulandira kapena kukana ndalama zimene mbali inayo yalonjeza, mwini wake ndife.

Pali malire. Loya ali ndi udindo kwa khothi, motero sanganame m'malo mwathu kapena kuphunzitsa mboni bodza. Akakana zimenezo sanatigulitse.

Loya akatilakwira tikadandaule ku Malawi Law Society, titatenga malisiti ndi makalata onse. Wopezeka wolakwa angathe kuimitsidwa ntchito kapena kuchotsedwa m'kaundula wa maloya.

Mafunso okambirana m'magulu:

1. N'chifukwa chiyani anthu a kwathu kuno amaopa kufunsa loya za malipiro ake?
2. Mbale wathu wosadziwa kuwerenga tingamuthandize bwanji asanadinde chala papepala la loya?