Phunziro la Mwezi Uno: Kukonzekera Chisanu M'nyumba ya Lendi

Mwezi wa Meyi ukamatha, ife a kuno ku mapiri a Angónia ndi Tsangano sitichita kuuzidwa kuti chisanu chafika. Mu Juni ndi Julayi madzi a mu ndowa amaluma m'manja, ndipo ana amapita kusukulu atapisa manja m'khwapa.

Phunziro ili likupita makamaka kwa inu amene mukukhala m'nyumba za lendi: ana a sukulu amene munabwera ku Ulóngwe kudzaphunzira, a geni a pa malire ku Calómuè ndi ku Biri-Biri, ndi mabanja amene simunamange yanu. Nyumbayo ndi ya eni, simungagumule khoma kapena kuboola zenera mmene mwafunira. Komabe amene akugonamo ndinu ndi ana anu. Mfundo yaikulu ndi iyi: tsekani moti mphepo isakupwetekeni, koma musatseke mpaka mpweya kusowa polowera.

1. Yenderani nyumba masana

Dzuwa likuwala, tsekani chitseko ndi mazenera, inu muime m'kati. Paliponse pamene mukuona kuwala ndi pamene mphepo idzalowere usiku. Yang'anani kunsi kwa chitseko, ming'alu ya khoma, galasi losweka ndi malata amene misomali yake inazuka. Onaninso ngati khoma lili ndi chinyezi kapena nkhungu yakuda, chifukwa zimenezi zimawonjezera chifuwa ndi mphumu.

2. Lankhulani ndi eninyumba msanga

Musadikire kuti mwana ayambe wadwala. Pitani mwaulemu, munene chimene chawonongeka. Mukhoza kunena kuti: "Zikomo bambo, ndabwera ndi kadandaulo. Galasi la kuchipinda ndi losweka ndipo ana akugona ndi mphepo. Kodi mutikonzera, kapena ndigule ineyo kuti tidzachotsere pa lendi?"

Mukagwirizana, lembani papepala ndalama zake ndi mwezi umene mudzachotsere. Pakhale mboni, kaya mnansi, kaya mkulu wa m'dera lanu. Lisiti ya chimene mwagula muisunge. Pangano la pakamwa limaiwalika mwezi ukatha.

3. Zimene mungachite nokha

Pali zambiri zosafuna ndalama ndiponso zosawononga nyumba ya eni. Pindani thumba lakale, muike kunsi kwa chitseko. Pachikani nsalu yochindikala pa zenera. Ming'alu ing'onoing'ono ya nyumba ya zidina imatseka ndi dothi. Ngati mumagona pa simenti, yalani makatoni pansi pa mphasa, chifukwa simenti imakoka kufunda kwa thupi. Ana aang'ono agone kutali ndi chitseko, atavala chipewa ndi sokosi. Masana yanikani mabulangete padzuwa ndipo tsegulani mazenera kuti nyumba iume.

Koma timabowo ta mpweya timene amisiri amasiya pamwamba pa zenera kapena kunsi kwa denga, musatitseke ndi nsanza. Tili ndi ntchito yake.

4. Mbaula isagone m'nyumba

Apa ndiye pagona phunziro lathu. Makala akamayaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wa poizoni umene a chipatala amautcha carbon monoxide. Mpweyawu suoneka, sununkha, ndipo sutsamwitsa ngati utsi wa nkhuni. Ukalowa m'mapapo umakakamira m'magazi mwamphamvu kuposa mpweya wabwino, kopitirira ka 200. Magazi amalephera kunyamula mpweya wabwino kupita ku ubongo ndi ku mtima. Munthu amene ali mtulo samva kanthu, amangopitirira osadzukanso.

Ena amati makala akafiira, utsi n'kutha, ndiye kuti palibenso vuto. Si zoona ayi. Makala ofiira opanda utsi amatulutsabe poizoniyu. Ena amaika mbale ya madzi pambali pa mbaula, amati madziwo amayamwa mpweya woipa. Izinso si zoona.

Nyumba zambiri za lendi ndi za chipinda chimodzi, mophikira ndi mogona momwemo. Choncho phikirani panja kapena pakhonde. Mukafuna kuotha, otherani pakhomo chitseko chili chotsegula. Nthawi yogona ikakwana, tulutsani mbaula, muzimitse makala. Kandulo ndi koloboyi muzimitsenso musanagone.

5. Zizindikiro za poizoniyu

Mutu kupweteka, chizungulire, nseru, kusanza, kufooka ndi kusokonezeka maganizo. Zimafanana ndi malungo, n'chifukwa chake ambiri amanamizika. Koma anthu awiri kapena atatu a chipinda chimodzi akadwala nthawi imodzi, m'menemo muli mbaula, ganizirani za makala.

Tsegulani chitseko ndi mazenera nthawi yomweyo. Tulutsani aliyense panja. Amene wakomoka mugonekeni cham'mbali, ndipo musamumwetse madzi kapena mkaka. Thamangirani nawo onse ku chipatala, ngakhale amene akuti apezako bwino, ndipo mukawauze a chipatala kuti munali mbaula. Amayi oyembekezera ndi makanda ndiwo ali pa chiopsezo chachikulu.

6. Samalani ana

Utsi wa m'nyumba ndi kuthithikana zimachulukitsa chibayo. Mwana akamatsokomola, werengani kapumidwe kake kwa mphindi imodzi ali phee. Wosakwana miyezi 2 akapuma ka 60 kapena kuposa, wa miyezi 2 mpaka 11 ka 50, wa chaka chimodzi mpaka zaka 5 ka 40, ndiye kuti akupuma mofulumira. Mupite naye ku chipatala tsiku lomwelo. Ngati m'munsi mwa nthiti mukulowa m'kati akamakoka mpweya, kapena akukana kuyamwa, musadikire kuti kuche. Onaninso khadi lake: katemera wa chibayo anayamba kuperekedwa kwa ana m'Mozambique mu 2013.

Mwana akapsa ndi moto, thirani madzi oyera ozizira pa bala kwa mphindi 20, thupi lonselo mutalifunditsa. Musapake dzira, mafuta kapena mankhwala otsukira mano. Wamkulu amene watsokomola milungu 2 akayezetse makhololo, asangoti ndi chisanu. Neti ya udzudzunso musaipinde, malungo satheratu m'nyengo yozizira.

Mafunso okambirana m'gulu lanu la omvera

1. Kodi m'dera lanu ndi angati amagona ndi mbaula m'nyumba? Amatero chifukwa chiyani?
2. Ngati eninyumba akana kukonza, ndani angakuthandizeni kukambirana nawo?
3. Ndani pa mdadada wanu amagona yekha, woti muzimugogodera m'mawa?

Mukawerenga pepalali, mupatseni mnansi wanu wa chipinda chinacho. Ngati sadziwa kuwerenga, muwerengereni madzulo ano asanakoleze mbaula.