MUTU 9: MAU A MSONKHO NDI THUMBA LA MPHUNZITSI

Mukadzayamba nchito pa sukulu yanu yoyamba, mudzazindikira msanga kuti zipangizo zina sizicokera ku ofesi ya mkulu wa sukulu. Pepala la manila, guluu, zolembera zazikulu, ngakhale sopo wosambitsira ana m'manja, kawirikawiri zimatuluka m'thumba la mphunzitsi. Vutoli si la kuno kokha, ndipo maiko ena anaika malamulo akuti mphunzitsi wogula zotere ndi ndalama zake acepetseredwe msonkho. M'mutu uno tigwiritsa nchito nkhani imeneyi poona mmene mphunzitsi wa Cinyanja angafotokozere ganizo lacilendo popanda kulipotoza.

Nkhani yake

Ku United States lamuloli linayamba mu 2002. Mphunzitsi analoledwa kucotsa madola 250 pa malipiro ake a caka conse msonkho usanawerengedwe. Poyamba linali la kanthawi cabe, ndipo nyumba ya malamulo inali kulitalikitsa nthawi ndi nthawi kufikira mu 2015, pamene linakhazikika. Mu 2022 ndalamayo inakwera kufika pa madola 300. Woyenera anali munthu wogwira nchito pa sukulu maola osacepera 900 pa caka, kaya mphunzitsi, mkulu wa sukulu, mlangizi wa ana kapena wothandizira m'kalasi. Zogulira mwana wophunzira panyumba sizinali kuwerengedwa, ndiponso ndalama imene sukulu inam'bwezera kale mphunzitsi.

Dziko la Canada linatenga njira ina mu 2016. Kumeneko mphunzitsi anali kucotsa pa msonkho weniweniwo 15 peresenti ya ndalama zimene wagulira zipangizo, malire ake madola 1,000. Mu 2021 gawolo linafika pa 25 peresenti. Ngakhale mphunzitsi amene analibe msonkho wolipira, boma linali kum'patsa ndalamayo m'manja.

Tsopano werengani nane. Mphunzitsi wa ku United States amene gawo lapamwamba la malipiro ake limadulidwa 22 peresenti, akacotsa madola 300 amapulumutsa madola 66 okha. Mnzake wa ku Canada amene wagula zinthu za madola 1,000 a kwao amapeza madola 250. Onse awiri "acepetseredwa msonkho", koma zimene zacitika n'zosiyana.

Vuto la mau

Cingerezi cili ndi mau awiri: deduction pa njira yoyamba ndi credit pa njira yaciwiri. Caka ndi caka ndikapereka ndime yotere kwa ophunzira anga, ambiri amamasulira onse awiri kuti "kubwezeredwa ndalama". Ciganizo cimamveka bwino, koma n'cabodza. Mneni wakuti kubwezera amatanthauza kuti cinthu cimene cinacoka m'dzanja cabwereranso m'dzanja lomwelo. Mphunzitsi uja wa madola 300 sanabwezeredwe madola 300. Anangopeputsidwa ndi 66, ndipo 234 inapita ndithu.

Ena amathawira ku mau obwereka, nalemba "didakishoni". Sinditsutsa kubwereka. Mau monga sukulu, buku ndi risiti anakhala athu cifukwa mwana amaona cinthuco ndi maso, dzina n'kumamatira. Koma mukabwereka dzina la ganizo losaoneka, mwana amaloweza kamvekedwe kake m'mutu mulibe kanthu, ndipo mphunzitsi amene sanamvetse amapeza pobisala.

Njira yabwino ili m'cilankhulo cathu comwe. Mneni wakuti kucotsa amafuna funso lakuti "pa ciani?" Tikayankha funsolo, mau awiri aja atuluka okha: cocotsa pa malipiro, ndi cocotsa pa msonkho. Ndi aatali, inde, ndipo wolemba nyuzipepala angadandaule. Koma kusiyana konse kwagona pa liu limodzi lotsiriza, ndipo mwana angalimve ndi khutu. Kufupikitsa kudzabwera pambuyo, anthu akazolowera ganizolo.

M'kalasi

Ndi ana a magiredi apamwamba, musayambe ndi tanthauzo lolembedwa pa bolodi. Patsani gulu lililonse timiyala 20, muwauze kuti pa timiyala tinayi tiliponse kamodzi n'ka boma. Apeza kuti msonkho ndi 5. Kenaka apatule timiyala tinayi msonkho usanawerengedwe: patsala 16, msonkho ndi 4, apulumutsa kamodzi. Abwezerenso pamodzi, awerenge msonkho wa 5, ndipo tinayi tija acotse pa msonkhowo: boma lilandira kamodzi, apulumutsa tinayi. Apa lekani ana afotokoze okha zimene manja ao acita. Lembani ziganizo zao pa bolodi, ndipo mau awiri aja muwapereke potsiriza. Nenani momveka kuti malamulowa ndi a United States ndi Canada, kuopa kuti mwana angakauze makolo kuti aphunzitsi alengeza lamulo latsopano.

Zocita

1. Kuno kwathu msonkho wa wolembedwa nchito umadulidwa pa malipiro iye asanalandire, nupita ku Zambia Revenue Authority, bungwe limene linayamba nchito mu 1994. Mu 2024, K5,100 yoyamba pa mwezi sinali kudulidwa msonkho. Tiyerekeze kuti munthu wolandira K5,000 pa mwezi m'caka cimeneco wapatsidwa cocotsa pa malipiro ca K300. Kodi wapulumutsa zingati? Fotokozani yankho lanu m'ziganizo zitatu za Cinyanja, popanda liu la Cingerezi.

2. Pangani ziganizo zoonetsa kusiyana kwa kucotsa, kucotsera ndi kucotseredwa, ndipo pa ciliconse munene amene watsala ndi ndalama.