MOYO WA M'NGALAWA PA NYENGO YA CHISANU

Anzanga ambiri akhala akundifunsa kumene ndinakathera tchuthi cha Khirisimasi. Ndinali ku England kwa amalume anga, amene sakhala m'nyumba ya njerwa ai, koma m'ngalawa yokocheza pafupi ndi mudzi wa Braunston, pamene ngalande za Oxford ndi Grand Union zikumana. Lolani ndikusimbireni zimene ndinaphunzira kumeneko.

Poyamba tidziwe kuti ngalandezi si mitsinje. Anazikumba ndi anthu kuti azinyamuliramo katundu. Ya Bridgewater inatsegulidwa m'chaka cha 1761 kuti malasha a ku Worsley azifika ku Manchester. Masiku amenewo ngalawa zinali kukokedwa ndi akavalo, ndipo kanjira ka akavalowo kalipobe m'mbali mwa madzi. Zipata zambiri zokwezera ndi kutsitsira ngalawa anazimanga zopapatiza, n'chifukwa chake yathu inali ya mafuti 6 ndi mainchesi 10 okha m'lifupi. Ndikatambasula manja ndinali kutsala pang'ono kukhudza makoma onse awiri.

M'chisanu ngalawa zoyenda zichepa, ndipo zipata zina azitseka kuti azikonze. Dzuwa liwala maola osafika 8, ndipo pamadzi pangokhala zii. Koma musayese kuti tinali kungogona. Ntchito yanga ya m'mamawa inali kuchotsa phulusa m'mbaula yachitsulo, kuikamo malasha, ndi kupukuta mame a pa mawindo, amene abwera pamene mpweya wofunda wa m'kati ukhudza galasi lozizira. Tsiku lina ndinatseka tizibowo ta mphepo ndi nsanza. Amalume anazichotsa msanga nati, "Mphwanga, mbaula itulutsa mpweya wakupha wosanunkha. Kuli bwino kunjenjemera kusiyana ndi kusadzuka."

Magetsi anali ochokera m'mabatire, ndipo kuti adzaze tinali kuliza injini masana, pakuti lamulo liletsa kuiliza pa malo okocheza ikakwana 8 koloko madzulo. Madzi akumwa anali m'thanki imene tinayenera kukaidzaza pa mpopi wa kugombe.

Tsono usiku wina ngalande inaundana, thanki ili pafupi kutha, pakuti ine ndinali kusamba mosasamala monga ndichitira kuno kusukulu. Amalume anakana kuyendetsa ngalawa, popeza madzi oundana apala utoto wakuda woteteza chitsulo ku dzimbiri, ndipo akhoza kuononga ngalawa za anzathu. Masiku anai ndinatuta madzi m'zigubu pa wilibala, kudzera m'kanjira ka akavalo kaja, zala zili gwa ndi kuzizira. Palibe anandikalipira, zigubuzo zinandilanga zokha.

Ndinaopa kuti ngalande iuma mpaka pansi, koma phunziro lathu la sayansi linandilimbitsa mtima. Madzi alemera koposa pa madigiri 4, ndipo aundana pa 0. Oundanawo ndi opepuka, chotero ayandama pamwamba naphimba a pansi monga bulangeti, nsomba nizikhalabe ndi moyo.

Vuto langa linali laling'ono poyerekeza ndi la chisanu cha 1962 mpaka 1963. Pamenepo ngalawa zonyamula katundu zinagwidwa milungu yambiri, mabanja okhalamo anasowa malipiro, ndipo eni katundu ambiri anatembenukira ku malole ndi sitima za pamtunda osabwereranso.

Phunziro ndi ili, anzanga: m'ngalawa mulibe chinthu chobwera chokha. Kapu ya madzi, khala la moto ndi kuwala kwa nyali, zonse wina anazisenza. Kodi kuno kwathu n'kosiyana? Madzi a m'thanki ya sukulu ndi nkhuni za kukhitchini zilinso ndi ozivutikira, kungoti ife sitiwaona. Chibwerereni, ndikapeza mpopi ukudontha kuseri kwa nyumba yogona, ndiyamba ndautseka ndisanapitirire. Ndikupemphani muzichita chimodzimodzi.