MITENGO INGATHE KUYERETSA NTHAKA YOONONGEKA NDI MANKHWALA OPHA UDZU

Alimi ambiri masiku ano akupopera mankhwala opha udzu m'malo mopalira ndi khasu. Mankhwalawa amapeputsa ntchito, makamaka pa maesiteti pomwe minda ndi yaikulu. Koma ena mwa iwo satha msanga m'nthaka. Mukabzala fodya, nyemba kapena soya pamalo pomwe mankhwala akadalipo, mungathe kutaya mbewu, feteleza ndi thukuta la chaka chonse, ndipo ngati ndinu tenanti mudzatsala ndi ngongole yopanda chobwezera. M'phunziro lino tiona m'mene mitengo ingathandizire kuyeretsa malo otere, ndiponso pamene mphamvu yake ithera.

MANKHWALA OKHALITSA M'NTHAKA

Chitsanzo chodziwika ndi atrazine, mankhwala amene kampani ya Geigy ya ku Switzerland idatulutsa mu 1958. Amapoperedwa m'minda ya chimanga, mapira ndi nzimbe, ndipo nthawi zambiri amasakanizidwa ndi mankhwala ena m'chigubu chimodzi. Werengani zolembedwa pa chigubu chanu kuti mudziwe ngati alimo.

Atrazine amalowa m'mbewu kudzera m'mizu, nakatseka ntchito ya masamba yopanga chakudya ndi dzuwa. Chimanga sichifa chifukwa chili ndi mphamvu yosintha mankhwalawa asanachipweteke. Fodya, nyemba, soya ndi ndiwo zamasamba zilibe mphamvu yotere.

M'munda wopoperedwa pa muyeso woyenera, theka la mankhwalawa limatha pakapita pafupifupi miyezi iwiri, koma amakhalitsa kuposa apa ngati nthaka ndi youma. Akatsikira m'madzi a pansi pa nthaka amakhala zaka zambiri. Dziko la Germany lidaletsa atrazine mu 1991, koma patapita zaka zoposa 20 ankapezekabe m'madzi a pansi m'madera ena a dzikolo. Maiko a European Union adawaletsanso mu 2004 pa chifukwa chomwechi cha madzi.

Pa esiteti kapena pamudzi, malo oopsa kwambiri ndi awa: pomwe mumasungunulira mankhwala, pomwe mumatsukira mipope, pomwe chigubu chidatayikira, ndi kumunsi kwa munda komwe madzi a mvula amadzera popita kudambo.

YESANI NTHAKA YANU POYAMBA

Musadikire kuti munda ukuuzeni mbewu zitafa. Mvula isanayambe, tengani dothi lapamwamba, lakuya masentimita 10, pamalo mukuwakayikirawo ndi kuliika m'zitini zitatu zoboola pansi. M'zitini zina zitatu ikani dothi la pamalo omwe sanapoperedwepo. Bzalani nyemba m'zitini zonse, ziikeni padzuwa ndipo muzithirira mofanana.

Nyemba za m'dothi la atrazine zimamera bwinobwino. Chizindikiro chimabwera pambuyo pa masabata awiri kapena atatu: masamba akale amayamba chikasu kuchokera m'mphepete, kenaka amauma ngati opserera. Mukaona izi m'zitini za dothi lokayikitsa zokha, musabzalepo fodya kapena nyemba chaka chimenecho.

M'MENE MTENGO UMAGWIRIRA NTCHITO

Nzeru yoyeretsa nthaka ndi mitengo idayesedwa kwambiri ku Iowa, chigawo cholima chimanga chochuluka ku America. Akatswiri a ku University of Iowa adabzala mizere ya mitengo yotchedwa poplar pakati pa minda ndi mtsinje ku Amana. Mu 1997 Joel Burken ndi Jerald Schnoor adafalitsa zotsatira zosonyeza kuti poplar imayamwa atrazine ndi kumusintha m'mizu, m'thunthu ndi m'masamba kukhala zinthu zochepa ululu.

Mtengo umathandiza m'njira zitatu.

1. Umamwa madzi ambiri. Mankhwala osungunuka m'madziwo amalowa nawo m'mizu m'malo motsikira kuchitsime.

2. M'kati mwa mtengo mankhwala amasinthidwa, monga m'mene chimanga chichitira, ndipo zotsala zimamangika m'thupi mwa mtengowo.

3. Mizu imatulutsa timadzi ta shuga ndipo mizu yakufa imaola. Izi ndi chakudya cha tizilombo tosaoneka ndi maso tokhala m'nthaka. Tizilomboti timachuluka mozungulira mizu, ndipo tina mwa ito timadya mankhwalawo.

Njira yachitatuyi muisamale. Akatswiriwo adapeza kuti mumchenga mtengo umayamwa gawo lalikulu la mankhwala, koma m'dothi lachonde umayamwa pang'ono chifukwa mankhwala amamatirira ku dothi. M'dothi lotere ntchito yaikulu imagwiridwa ndi tizilombo tija. Nchifukwa chake manyowa ndi ofunika pa ntchitoyi ngati mtengo womwewo.

MITENGO YOYENERA KWATHU KUNO

Mtengo woyenera ukhale wokula msanga, wa mizu yambiri, wokonda madzi ndiponso wosabala zipatso zodyedwa. Poplar ndi wa banja limodzi ndi msondodzi, umene umamera wokha m'mbali mwa mitsinje yathu ndipo umaphuka pongozika nthambi. Pamalo achinyezi yambani ndi umenewu.

Bulugamu amamwa madzi kwambiri, choncho musamubzale pafupi ndi chitsime, dimba kapena dambo. Mango, magwafa, mapapaya ndi nthochi musabzale pamalo otayikira mankhwala, chifukwa ana sadzafunsa mbiri ya malowo asanatchole chipatso.

Udzu wa vetiva, umene mumabzala kale pa akalozera, ndi mnzake wabwino wa mitengoyi. Umapirira atrazine, mizu yake imapita pansi kwambiri, ndipo umatchinga dothi lokokoloka limene limanyamula mankhwala.

KABZALIDWE

1. Tchingani malowo ndi mpanda kuti ziweto ndi ana asafikepo.

2. Valani nsapato zajombo ndi magolovesi, kenaka gaulani nthaka ndi kusakaniza manyowa okufa bwino ochuluka.

3. Kumunsi kwa malowo bzalani mzere wa vetiva mopingasa chitsetso, mapesi motalikirana masentimita 10 mpaka 15.

4. Dulani nthambi za msondodzi zonenepa ngati chala chachikulu, zotalika theka la mita. Zikani magawo awiri mwa atatu m'nthaka, motalikirana mita imodzi kapena awiri, mvula itakhazikika.

5. Yambirani m'mphepete. Pakati pomwe mankhwala adatayikira ochuluka mitengo yaing'ono ingathe kufa. Ikatero, onjezani manyowa ndi kubzalanso chaka chamawa.

6. Thirirani m'chilimwe choyamba. Nthaka ikauma tizilombo tija timaleka ntchito.

7. Masamba ndi udzu wa pamalopo musadyetse ziweto. Zisiyeni ziolere pomwepo.

Kumunsi kwa munda umene mumapopera chaka ndi chaka, siyani lamba wa mitengo ndi udzu wosalimidwa pakati pa munda ndi mtsinje. Popopera, musafikitse mankhwala pa lambayo.

PAMENE MITENGO SINGATHANDIZE

Mtengo umayeretsa pokhapo pamene mizu yake yafika, ndipo ntchitoyi imatenga zaka zingapo. Bwerezani mayeso a nyemba chaka chilichonse. Dziwaninso kuti mayesowa amanena za mbewu zokha. Sanena kuti madzi a m'chitsime chapafupi ndi abwino kumwa.

Si mankhwala onse amene amayamwika. Paraquat amamatirira zolimba ku dothi ladongo kotero kuti mizu singamuchotse. Ngati mankhwala atayika ochuluka, kapena mwapeza migolo yakale yosadziwika m'nyumba yosungira katundu, musaikwirire kapena kuitentha. Uzani mwini esiteti ndi mlangizi wa zaulimi, kuti nkhaniyo ifike ku bungwe loona za mankhwala la Pesticides Control Board.

KUMBUKIRANI

Kupewa nkotsika mtengo kuposa kuyeretsa. Tsatani muyeso wolembedwa pa chigubu. Sungunulirani mankhwala kutali ndi chitsime ndi mtsinje. Tsukuluzani chigubu katatu, thirani madziwo mu mpope ndi kukawapopera m'munda womwewo, kenaka boolani chigubucho kuti wina asatungire madzi. Lembani m'buku munda uliwonse umene mwapopera, dzina la mankhwala ndi tsiku lake, ndipo tenanti watsopano aonetsedwe bukulo asanapatsidwe malo olimapo fodya.