Filimu ndi Nkhani Yopanda Isnad: Phunziro pa Ndege Zoyamba Zankhondo



Ana athu ambiri amaidziwa Nkhondo Yoyamba ya Padziko Lonse kuchokera m'mafilimu kuposa m'mabuku. Amaonera m'nyumba za vidiyo pamsika kapena pa foni, mafilimu ena atamasuliridwa m'Chichewa ndi anyamata othiramo nthabwala zawo. Zimene aonazo zimawatsata mpaka m'kalasi ya mbiri, mwinanso mpaka pa mayeso a MSCE. Funso la phunziro lino ndi ili: kodi Msilamu achite nayo bwanji nkhani imene waiona ndi maso, koma sakumudziwa amene waibweretsa?

Qur'an yolemekezeka, m'Sura Al-Hujurat ndime 6, imatilamula kufufuza nkhani yobwera ndi munthu wosadalirika tisanaigwiritse ntchito. Ma ulama a Hadith, monga Imam Bukhari, ankayesa nkhani pa zinthu ziwiri: isnad, umene ndi mndandanda wa anthu amene nkhaniyo yadutsamo, ndi matn, amene ndi mawu a nkhaniyo. Filimu imakhala ndi matn okoma m'maso, koma ilibe isnad. Wopanga filimu amafuna kuti anthu alipire ndi kusangalala, ndipo choonadi chikamulepheretsa amachikankhira pambali. Amachita zimenezi m'njira zitatu.

Njira yoyamba ndi kukometsera. Mu filimu ya Flyboys ya 2006, imene nkhani yake imayamba mu 1916, Ajeremani amauluka pa ndege zofiira za mapiko atatu zotchedwa Fokker Dr.I. Zoona zake n'zakuti ndege za mtunduwu zinafika kunkhondo cha kumapeto kwa 1917, ndipo zinapangidwa pafupifupi 320 zokha. Kufiirako kunatchuka ndi Manfred von Richthofen, amene anagwetsa ndege 80, zambiri mwa izo akuuluka pa ndege ina yotchedwa Albatros. Opanga filimu anafiiritsa ndege za adani kuti woonera asavutike kuzindikira mdani. Bodza lake likuoneka laling'ono, komabe wophunzira akalilemba pa pepala la mayeso, walakwa.

Njira yachiwiri ndi kupatsa munthu mmodzi ntchito imene inagwiridwa ndi ambiri. Chitsanzo chili pafupi nafe, ku Tanzania. Sitima yankhondo ya Ajeremani, Königsberg, inabisala pa mathiriro a mtsinje wa Rufiji mu 1914. Pa 11 Julayi 1915 sitima ziwiri za Angerezi, Severn ndi Mersey, zinaiphwanya ndi mizinga, ndege zikuuluka pamwamba n'kumawauza pa wayilesi pamene zipolopolo zikugwera. Imeneyi ndiyo inali ntchito yaikulu ya ndege masiku amenewo, kukhala maso a asilikali. Filimu ya Shout at the Devil ya 1976, imene inatengera nkhaniyi, inasintha dzina la sitimayo kukhala Blücher, ndipo imaonetsa mzungu atadzidetsa khungu ngati wantchito wachikuda, akulowa m'sitimamo kukatchera bomba. Zimenezi sizinachitike. Chimene chinachitika n'chakuti Ajeremani anachotsa mizinga khumi ya m'sitimayo, ndipo anthu akuda ndi amene anaikoka pamtunda.

Njira yachitatu ndi kusiya, ndipo iyi ndiyo yoopsa chifukwa chosiyidwa sichioneka. Woonera mafilimu amaganiza kuti nkhondo yam'mlengalenga inayambira ku France. Inayambira mu Afirika muno, pamwamba pa midzi ya Asilamu. Pa 1 Novembala 1911, patangotha zaka pafupifupi 8 ndege yoyamba ya abale a Wright itauluka, Mtaliyana Giulio Gavotti anaponya ndi manja mabomba anayi ang'onoang'ono ku Ain Zara ndi Tajura, pafupi ndi Tripoli ku Libya. Aka kanali koyamba bomba kuponyedwa kuchokera m'ndege. Kamera imakonda kukhala pafupi ndi woulutsa ndege. Amene ali pansi, bomba likuwagwera, kawirikawiri saoneka nkhope.

Enanso osiyidwa ndi makolo athu. Nkhondo imene agogo ankaitcha ya Chiwaya inafika pa nyanja yomwe timaweza usipayi. Mu Ogasiti 1914 sitima ya Angerezi, Gwendolen, inawombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, pa doko la Sphinxhaven, lero Liuli, kutsidya la Tanzania. Mfuti ya Gwendolen ilipobe ku Mangochi. Pa 9 Seputembala 1914 kunali nkhondo ku Karonga. Amuna a Nyasaland pafupifupi 19,000 analowa usilikali wa King's African Rifles, ambiri mwa iwo Ayao achisilamu, ndipo pafupifupi 200,000 anagwidwa ntchito ya mtengatenga. Anasenza chakudya ndi zipolopolo pamutu, ndipo ambiri anafera m'njira ndi njala ndi matenda. Nkhondo ya kuno inayenda pa mapazi a anthu amenewa. Mwana amene mbiri waiphunzira pa filimu yokha amaloweza mayina a ndege za ku Ulaya, koma agogo ake enieni sawadziwa.

Sitikunena kuti kuonera filimu ya mbiri n'kulakwa pakokha, malinga ngati ilibe zonyansa ndipo sikutichedwetsa ku Swala. Ikhoza kutipatsa ludzu lofuna kudziwa. Koma ikatha, tidzifunse mafunso anayi. Anaipanga ndani, ndipo liti? Kodi zaka ndi zida zikugwirizana ndi za m'buku? Ndani wapatsidwa ulemu? Ndani sakuoneka konse? Ibn Khaldun, katswiri wa mbiri wobadwira ku Tunis mu 1332, anadzudzula olemba anzake chifukwa chokokomeza ziwerengero za asilikali popanda kuziyesa ndi nzeru. Muyeso womwewo ndi umene tikuupempha pa filimu.

Ntchito ya ophunzira a Fomu 3 ndi 4 ndi iyi: funsani agogo kapena achikulire a pamzikiti ngati m'banja mwanu munali wina amene anapita ku nkhondo ya Chiwaya. Lembani nkhaniyo pamodzi ndi isnad yake: wakuuzani ndani, iyeyo anamva kwa yani. Pamene wokuuzaniyo akukayika, lembani kuti akukayika, musadzazepo zanu. Makolo, tikupempha kuti muwapatse anawa nthawi madzulo. A komiti ya mzikiti, tithandizeni kupeza achikulire amene angabwere kudzalankhula m'kalasi teremu ino, Insha Allah.

Allah ndiye Wodziwa koposa.